Kabwato ka Makina a Alamu

A Tolatola ankayenda maso ali pansi. Munthu wosawadziwa ankaganiza kuti ataya kiyi wa nyumba, kapena kunyumbako kwabuka nkhani. Koma ayi, iwo amakhala ali pantchito. Kasikuluwu kogwa pa njinga ya munthu, kasipuling'i ka m'cholembera chotayidwa, kawaya kopindika, zonsezi zinkalowa m'thumba la jekete lawo, mpaka jeketelo linapendekekera kumanja chifukwa cholemedwa. Dzina lawo linachokera pamenepo. Dzina la makolo ankalikumbukira ndi akazi awo okha, ndipo nawonso ankalitchula pokhapokha akapsa mtima.

Ntchito yawo inali yokonza makina osokera akale, akuda achitsulo aja okhala ndi timaluwa tagolide pamsana, opalasa ndi mapazi kapena opukusa ndi dzanja. Amagetsi a pulasitiki sankawakhudza n'komwe. Munthu akabwera nawo, iwo ankawasuzumira mwaulemu n'kunena kuti, "Pepani mayi, ili ndi beseni lokhala ndi singano. Pitani nalo kwa anyamata a mawailesi."

Kukonzako sikunali kovuta. Chovuta chinali kupeza zitsulo zake. M'masitolo mumapezeka singano, ulusi, mafuta ndi malamba, koma mano okoka nsalu a makina a agogo anu simungawapezemo, chifukwa amene ankawapanga anatseka zitseko kalekale. Ndiye okonza makina ali ndi njira yawo. Amagula makina akufa, n'kumawazula zitsulo chimodzichimodzi kuti achiritsire amoyo. Pansi pa benchi la wokonza aliyense pamakhala mulu wa mafupa otere.

Apa ndi pamene panali matenda a a Tolatola. Akabwera ndi makina akufa, ankati, "Ndingowapukuta kaye, ndione zitsulo zimene zili bwino." Ankawatsuka ndi palafini, n'kudonthezera mafuta apa ndi apo, n'kuyesa gudumu ndi chikhatho. Gudumu lija likangoti pang'ono tembenu, basi nkhani yatha. Mtima wozula kanthu pa makina amene ayamba kupuma analibe. Mawa lake mukanawaona ali pa njinga, akukafunira makina akufa aja chitsulo chimene chikusowa.

"Anzanu akatumidwa nyama amabwera ndi nyama," akazi awo ankatero. "Inu mumabwera ndi mbuzi yamoyo, n'kuyamba kuifunira msipu."

Nyumba inadzaza. Makina anali pa shelefu, pansi pa bedi, kuseri kwa chitseko, ena pamwamba pa kabati atafunditsidwa thaulo. Mlendo akafuna kukhala, ankayamba wasuntha makina. Kugulitsa ankagulitsa ndithu, koma wogula ankafunsidwa mafunso ngati wabwera kudzafunsira mwana wawo: mumasunga pati, denga silidontha, mafuta mumathira kangati? Mayi wina anabwezedwa chimanjamanja chifukwa anati akufuna kukaikapo maluwa pabalaza. Akazi awo ankadandaula ndi pakamwa pokha. Fumbi pa makina onsewo ankalipukuta ndi iwo omwe, ndipo ankawadziwa amene amakonda kuuma nyengo yozizira.

Akazi a a Tolatolawa anali ndi achimwene awo, telala wokalamba amene ankasoka pakhonde la sitolo ina ya zitsulo, pafupi ndi pokwerera basi. Kwa a Tolatola amenewa anali alamu, ndipo awiriwa akakumana panalibe chimene ankagwirizana kupatula kuseka. Alamuwo maso anali atachita nkhungu. Nkhope ya munthu ankaiona ngati chithunzithunzi, koma ulusi ankaulowetsa pa singano ndi zala zokha, ndipo mpendero wawo unali wowongokabe. Chiyambire unyamata wawo anasokera pa makina amodzi omwewo. Akazi awo atamwalira, khonde lija ndilo linawasunga. Ankafika m'mawa, n'kusesa pamalo pawo, n'kuyamba kukangana ndi ogulitsa nthochi, ndipo tsiku linkatha osalimva.

Makinawo anali akale kuposa akale anzawo. Ulusi wapansi sunkakhala m'kabobini kozungulira kamene aliyense amakadziwa. Unkakhala m'kachitsulo kotalika ngati chala, kosongoka kumphuno, kamene kamathamanga uku ndi uku pansi pa singano. A Tolatola ankakatchula kuti kabwato, chifukwa ndi mmene kamaonekera. Tsiku lina kabwato kaja kanathyoka mphuno, makina n'kukhala chete.

Nkhaniyo inafika kwa mwana wamkazi wa alamuwo, namwino wogwira ntchito ku tauni ina yakutali. Iyeyu anali atawanyengerera bambo ake kwa nthawi yaitali kuti akakhale naye. Sanali mwana woipa ayi. Ankaopa kuti tsiku lina adzamva kuti agundidwa ndi basi powoloka msewu. Chipinda anali atawakonzera kale. Tsopano anapeza pogwira.

"Ababa, makina afa, ndiye pakhondepo muzikhalira chiyani?" anatero pafoni. "Kutha kwa mwezi uno ndibwera ndi galimoto. Ndikadzapeza makina akusoka, ndidzakusiyani. Ndikadzapeza ali chete, tidzapitira limodzi, ndipo musadzandivute."

Mkuluyo anavomera, chifukwa ankakhulupirira alamu ake. Koma pamene a Tolatola ankamasula mutu wa makinawo pa tebulo lake kuti apite nawo kwawo, telala uja anawagwira mkono, osaseka ngati masiku onse.

"Alamu, kumene akufuna kunditengerako n'kwabwino. Kuli mpando wofewa ndi wailesi ya kanema. Ndikakhala pampandopo, sindidzadzukanso."

A Tolatola anayamba kusaka. Anakhuthula zitini zawo zonse pamphasa, akazi awo akuthandiza kusankha, koma kabwato munalibe. Anapita kwa ogula zitsulo zakutha, kumene anafukula milu ya dzimbiri mpaka manja anafiira. Anafunsa matelala a mumsika mmodzimmodzi. Achinyamata sankadziwa n'komwe chimene akunena, ndipo wina anafunsa ngati kabwatoko kamayenda pamadzi. Mwini sitolo ina anawaonetsa chithunzi chake pafoni, kali gone pansalu yoyera kudziko lina la kutsidya kwa nyanja, n'kunena kuti kangafike miyezi ingapo ikubwerayi ngati sikasochera m'njira. Mayi wina wamasiye anawatsegulira sutukesi ya malemu amuna ake, ndipo munapezeka kabwato ndithu, koma ka mtundu wina, kakafupi. A Tolatola anakapala ndi tupa, anakayesa chakuno ndi chakuno, ndipo kanangodula ulusi n'kuthyola singano.

Mwezi unali kutha. Ndevu zinamera, tsitsi linanyankhalala, ndipo akazi awo anatopa nazo.

"Pitani mukamete, abambo. Anthu ayamba kundifunsa ngati mukudwala mutu."

Anapita monyinyirika kwa wometa wina watsopano wa kuseri kwa msika. Kunja kunkawomba mphepo, koma chitseko cha wometayo chinali chotsegula bwinobwino, osamenyetseka. A Tolatola atakhala pampando, nsalu ili m'khosi, wometa atayamba kale mbali ya kumanzere, maso awo anatsikira pansi monga mwa chizolowezi. Chimene chinatchinjiriza chitsekocho sunali mwala. Unali mutu wa makina osokera, wogona cham'mbali, wodzaza tsitsi la anthu ndi dzimbiri. Anadzuka nsalu ili m'khosi momwemo.

"Akulu, ndikuchekani khutu!" anakuwa wometa.

Iwo anali atagwada kale pakhomo. Anapukuta ndi nsalu ya wometa ija, n'kuona tizitseko tiwiri tachitsulo pamimba pa makinawo. Unali mtundu womwewo. Tizitsekoto tinali titagwirana ndi dzimbiri, osatheka kutsegula. Ananyamula mutu wonsewo, n'kuuika pakhutu, n'kuugwedeza. M'kati munamveka kanthu kakuti gobede.

"Mwana wanga, makinawa ndi a yani?"

"Ndinawapeza momwemo polowa m'nyumba muno. Amandigwirira chitseko."

"Ndikakuikira ngowe yogwira chitsekochi, ungandipatse?"

Wometa anawayang'ana ngati akuona wamisala, n'kuvomera. A Tolatola anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa ngowe ndi tisikuluwu take, ngati anachita kukonzekera. Atamaliza anamangirira makina pa njinga, n'kupalasa kudutsa pakati pa msika mutu uli wometedwa mbali imodzi. Amayi ogulitsa tomato anaseka mpaka kugwirana mapewa. Iwo anangowabayibitsa, mtima uli mbee.

Kunyumba anaviika tizitseko tija m'palafini, n'kumatigogoda pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Kamodzi kanasuntha. M'katimo munali kabwato, kathunthu, mphuno yake ili yosongoka bwino. Munalinso ulusi wobiriwira, wotsala pa ntchito yomaliza ya munthu amene palibe akumudziwa. Akazi awo anawomba m'manja.

"Chotsani kameneko, muthamangire kwa achimwene. Mawa mwana uja afika."

"Ndichotsa. Koma ndiyambe ndakayesa m'nyumba yake momwemo, ndione ngati kakugwira ulusi."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali. Mawu amenewa anali atawamvapo kambirimbiri.

"Mapanga awiri avumbwitsa, abambo," anatero, n'kulowa kukhitchini.

Zinayenda mmene zinkayendera nthawi zonse. Palafini, mafuta, chikhatho pagudumu. Dzimbiri litachoka, timaluwa tagolide tinatulukira tili tatsopano, ngati makinawo sanagwirepo ntchito yolemetsa. Anaikamo singano, n'kulowetsa kansalu. Makina aja anasoka mzere wosalala, kaphokoso kake kali kofewa, kosagunda paliponse. Pa zaka zonse za ntchito yawo, a Tolatola anali asanamvepo makina oyenda mokoma chonchi. Anayang'ana mutu wa makina a alamu awo uli poteropo, wosupuka penti, wotha mbali zonse. Anayang'ananso atsopanowa. Mtundu umodzi, msinkhu umodzi, mabowo okhazikira pa tebulo ofanana. Ndiye maganizo anawabwerera, ndipo kwa iwo anaoneka anzeru kwambiri. Kuzuliranji mtima wa makina abwino chonchi? Alamu apatsidwe omwewa athunthu. Ndi maso awo aja, adziwa bwanji?

M'mawa anakulunga makinawo m'bulangete, n'kuuyamba ulendo. Akazi awo anatsagana nawo, atanyamula fulasiki ya tiyi. Anaona ndithu kuti pansi pa benchi patsala mutu wa makina a achimwene awo, koma anangotseka pakamwa. Anthu ena samva za m'kamwa, amamva zikawagwera.

Pakhonde anapeza telala atavala malaya ake oyera, atasesa kale pamalo pake. A Tolatola anakhazika mutu pa tebulo, anakoleka lamba, n'kubwerera m'mbuyo akusisita manja.

"Yesani, alamu. Muona ngati munawagula dzulo."

Mkuluyo anakhala pansi, n'kuika mapazi pa chopondera. Analowetsa ulusi ndi zala, anatenga thalauza la munthu limene linkadikira mpendero, n'kupalasa. Makina anayenda bwino kwambiri. Atafika pakati pa mwendo wa thalauzalo, anaima. Dzanja lake linayenda pagudumu, linatsikira pamsana pa makina, n'kukafika pamimba.

"Alamu, mlendoyu ndi wa kwa yani?"

"Mlendo uti?"

"Uyu wakhala pa tebulo langayu. Ndi waulemu, ndamumva, amayankhula bwino. Koma anga ali kuti? Anga gudumu lawo lili ndi podyeka apa, pamene pamakhala chala changa. Anga amatsokomola pang'ono singano ikamakwera, ndipo ndikamva kutsokomolako ndimadziwa pokhotetsa nsalu. Awa sakundiuza kanthu."

Akazi a a Tolatola anaphulika kuseka, tiyi n'kutayikira pa siketi. Ogulitsa nthochi nawo anayamba kusuzumira. A Tolatola anayesa kufotokoza kuti makinawa ndi abwino kuposa akale aja, kuti ndi mphatso, kuti munthu sakana ng'ombe chifukwa anazolowera mbuzi. Telala anawasiya kuti amalize, kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Mwana wanga akuti sindikuona, ndiye andisankhire pokhala. Inunso mwati sindikuona, ndiye mundisankhire makina. Chatsala n'chiyani choti ndisankhe ndekha?"

Kuseka kunatha pakhonde paja. Manyazi anawagwira a Tolatola kuyambira kumutu wometedwa theka uja mpaka kumapazi. Anazindikira kuti anafuna kumugwiritsa fuwa la moto munthu amene anawadalira, ndipo anachita zimenezo chifukwa chomvera chisoni chitsulo. Anakwera njinga, n'kupalasa ngati akuthamangitsidwa, ndipo posakhalitsa anabwera ndi makina enieni a alamu awo.

Kuchotsa kabwato ndi ntchito ya kamphindi. Umakankha kachitseko, n'kudina kumphuno, iko n'kudzuka kokha. Koma a Tolatola sanafulumire kudina. Anawasisita kaye makina okongola aja pamsana, n'kunong'ona kuti, "Pepani, anzanga." Kenako anadina. Kabwato kanagwera m'chikhatho chawo, ndipo thambo silinagwe.

"Mwaona, simunafe," anatero akazi awo. "Imwani tiyi."

Ntchito inali isanathe. Zitsulo zimene zakalambira limodzi zimazolowerana, ndipo chachilendo sichilandiridwa msanga. Makina a telala anasoka pang'ono n'kudumpha, anasokanso n'kukola ulusi pansi. A Tolatola anagwada, mutu uli pansi pa tebulo, akumasula apa n'kumanga apo. Telala ankapalasa pang'onopang'ono, khutu lili pafupi ndi singano.

"Kakuchedwa, alamu. Kakufika singano itanyamuka kale."

"Nanga tsopano?"

"Mwapitiriza. Bwezani pang'ono. Inu ntchitoyi munaiphunzira kwa wokhoma zidebe kodi?"

Ali m'kati mokangana choncho, galimoto ya bokosi kumbuyo inaima patsogolo pa sitolo. Namwino uja anatsika, atanyamula makatoni opinda ndi chingwe chomangira katundu. Anapatsa moni azakhali ake, n'kuyang'ana miyendo imene inkatulukira pansi pa tebulo.

"Ankolo, mwaswera bwanji pansipo? Nanga mutuwo anakumetani ndani?"

"Taswera, mwana wanga. Za mutu tikamba bwino."

Iye anayang'ana ulusi wokolanakolana umene unali mbwee pansi, ndi tizidutswa ta nsalu toyeserapo. Nkhope yake inagwa. Zinaoneka kuti sanakondwere ndi kupambana kwakeko.

"Ababa, tinapangana," anatero mofatsa.

"Tinapangana kuti ukapeza makina ali chete. Dzuwa likadalipo. Khala pansi."

A Tolatola thukuta linali kamukamu. Anatembenuza kasikuluwu kakang'ono ka pa kabwato, kamene kamagwira ulusi, pang'ono chabe ngati kukhudza. Anatseka kachitseko, n'kutulutsa mutu.

"Palasani, alamu."

Mkuluyo anatenga thalauza lija. Mapazi anayamba pang'onopang'ono, kenako anathamanga. Makina anatsokomola, n'kugwira ulusi, n'kuyenda. Anazungulira mwendo wonse osadumpha, anakhota pamsoko wokhuthala osathyola singano, n'kukafika pamene anayambira. Telala anadula ulusi ndi mano, anayendetsa chala pa mpendero wonse, n'kupereka thalauzalo kwa mwana wake. Ogulitsa nthochi anaimba m'manja. A Tolatola anakhala pansi pa simenti pomwepo, miyendo tambalale, akuseka ngati mwana, misozi ili m'masaya. Chimwemwe chotere anali asanachimvepo pa makina alionse amene anawadzutsa.

Namwino anatembenuza mpendero uja kunja ndi m'kati. Anayang'ana bambo ake, mmene anakhalira mowongoka pampando wawo wolimba, mapazi akadali pa chopondera. Kenako anapita kugalimoto, anaponya makatoni aja kumbuyo, n'kubwera ndi mpukutu wa nsalu yachikasu.

"Iyi ndinagula m'njira, kuti ikhale makatani a chipinda chanu," anatero. "Chipindacho chikhalapobe. Muzibwera kudzandiona. Ndisokereni, ababa."

Telala anaipapasa nsaluyo, n'kuikoka pang'ono kuti amve kulimba kwake.

"Nsalu wasankha yabwino. Muyeso wa zenera uli nawo?"

"Ndinayeza ndi manja."

"Manja a namwino? Ayi, ndidzabwera ndekha ndi tepi yanga, ndidzayeze bwinobwino. Ukandikonzere bedilo." Anaipinda nsalu ija, n'kuiika pansi pa mulu wa zovala za anthu. "Koma pakadali pano khala pa benchipo. Pali anzako anabwera kale, akhala akudikira mwezi wonse."

Namwino uja anaseka, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anakakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi azakhali ake, n'kuyamba kudikira nthawi yake.